Muvi wa Geji Sudziwa Malita

Msewu wa M5 ukachoka ku Salima kulowera kumpoto umadutsa pa Benga, m'dera la Mfumu Mwadzama, n'kuwoloka pa Chia usanafike pa boma la Nkhotakota. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 110, ndipo malo omwetsera mafuta m'njiramu ndi otalikirana. Oyenda msewu umenewu sadabwanso akaona Probox kapena Sienta itaima m'mbali mwa tala, nthambi zamasamba zitayalidwa kumbuyo kwake, anthu atakhala pamthunzi, kondakitala atakwera kabaza ndi chigubu m'manja. Mukafunsa dalaivala chachitika n'chiyani, yankho limakhala lomwelija lakuti geji imaonetsa kuti mafuta alimo. Nthawi zambiri munthuyo sakunama. Muvi unalozadi pamene akunenapo. Cholakwa chake n'chakuti anaukhulupirira ngati muyeso wa malita, chonsecho geji ya galimoto, makamaka yakale, sinapangidwe kuti iziwerenga malita.

Mkati mwa thanki muli kachoyandama komwe amakaniko amati fuloti, kolumikizidwa ku kamkono kachitsulo. Mafuta akakwera fuloti imakwera, akatsika imatsika nawo. Kumapeto kwa kamkonoko kuli kachitsulo kamene kamakhula pa timizere todutsa magetsi, ndipo kusuntha kwake kumachulukitsa kapena kuchepetsa magetsi opita ku muvi umene dalaivala amauona kutsogolo kwake. Choncho chimene muvi ukunena ndi msinkhu umene mafuta afika m'thanki. Thanki ikadakhala bokosi lowongoka mbali zonse, msinkhu ndi malita zikadayendera limodzi. Koma thanki ya galimoto imaumbidwa mozemba ekiselo, ekizozi ndi mpando wakumbuyo, motero pena ndi yotakata, pena yopanikizika. Mayi aliyense wotunga madzi amadziwa kuti mtsuko ukatsika chala chimodzi pakhosi patayika madzi ochepa, koma chala chomwecho pamimba pa mtsuko ndi makapu angapo. Geji imayeza chalacho, makapuwo sikuwadziwa.

Palinso china. Fuloti imagunda denga thanki isanadzaze, ndipo imakhala pansi mafuta asanatheretu. N'chifukwa chake galimoto yomwetsedwa fulu thanki imayenda mtunda wautali muvi osasuntha pa F, kenaka ukangodutsa pakati n'kuyamba kutsika mothamanga. Opanga magalimoto amachedwetsanso muviwo mwadala kuti usamavinevine pa bampu iliyonse, ndipo amasiya malita angapo pansi pa E ngati chitetezo. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri nyali yochenjeza imayaka mutatsala malita 6 mpaka 8. Zonsezi zili m'galimoto yatsopano yomwe. 

Tsono ganizirani galimoto imene inayenda zaka khumi ku Japan isanatsike pa doko la Dar es Salaam, n'kudzayendanso zaka zina m'misewu yafumbi yopita kumadoko a asodzi. Timizere tija timaperepeseka, ndipo timaperepeseka kwambiri pamene kachitsulo kamakhulapo tsiku ndi tsiku. Apa ndi pamene umphawi wathu umalowera m'makina. Galimoto ya matola simwetsedwa fulu thanki. Imathiridwa malita 5 m'mawa, ena 5 masana anthu akalipira, motero fuloti imakhala moyo wake wonse m'chigawo chapansi. Malo amene geji imayamba kuwonongeka ndi omwewo amene dalaivala amawadalira kwambiri, pakati pa kota ndi E. Onjezanipo waya wa efi wochita dzimbiri ndi chinyezi cha kunyanja, fuloti yobooka imene yamwa mafuta n'kulemera, ndi thanki yotifuka pansi itagunda mwala. Thanki yotifuka imanyenga pawiri, chifukwa malita amene imalandira achepa ndipo fuloti imatha kutsamira pa chotupacho n'kumaonetsa mafuta amene mulibe.

Petulo wathu nayenso ali ndi mbali yake. Kuyambira 1982 dziko lino limasakaniza petulo ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa, m'boma lomweli la Nkhotakota, kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ndi nzeru imene yatipulumutsira ndalama zakunja kwa zaka zambiri, ndipo injini zambiri zimaulandira bwino. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo thanki yachitsulo yokhala nthawi zonse ndi mafuta ochepa imakhala ndi mpweya wambiri wonyowa mkati. Dzimbiri limayambira pamenepo, n'kufika pa zitsulo za geji ndi pa sefa ya pampu.

Njira yodalirika ndi yakale ndipo sifuna ndalama. Choyamba ndi kudziwa kukula kwa thanki yanu: Probox ndi malita 50, Sienta 42, minibasi ya Hiace 70. Chachiwiri ndi kudziwa makilomita amene galimoto yanu imayenda pa lita imodzi. Mumwetse mpaka pampu idule yokha, mulembe nambala ya makilomita, muyende monga mwa masiku onse, mudzamwetsenso mpaka idule, kenaka mugawe makilomita mwayendawo ndi malita alowawo. Galimoto ikapezeka kuti imayenda makilomita 12 pa lita, ndiye kuti kuchoka ku Salima kukafika ku Nkhotakota ikufuna malita opitirira 9, kaya muvi ukuloza pati. Asodzi a m'mphepete mwa nyanjayi akhala akuchita masamu otere kuyambira kale. Mwini boti la injini amadziwa malita amene amapsa popita kukaponya chilimira ndi pobwera, amanyamula thanki m'manja kumva kulemera kwake, ndipo amasiya ena poopa mwera. Panyanja palibe kabaza wokagula mafuta, n'chifukwa chake sachita nazo chibwana.

Wina anena kuti malangizo amenewa ndi a anthu olemera, pakuti ndani wa matola angadzaze thanki? Funsoli ndi lomveka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, lita ya petulo inafika pa K2,530, kutanthauza kuti thanki ya Probox inkafuna ndalama zoposa K126,000, ndipo mitengo yakweranso kuchokera pamenepo. Koma kuyezaku sikufuna kudzaza thanki tsiku lililonse. Kawiri kokha n'kokwanira, ndipo mafutawo satayika, ndi omwewo amene mukadagula pang'onopang'ono sabata yonse. Amene sangathe ngakhale zimenezo akhoza kusunga kabuku, n'kumalemba lita iliyonse yolowa ndi makilomita a tsikulo. Pakutha pa mwezi, kugawa ziwirizo kumapereka yankho loyandikira kwambiri, chifukwa zotsala m'thanki zimakhala zochepa poyerekeza ndi zonse zimene zapsa. Mita ya makilomita ikakhala yakufa, mitunda ya pakati pa Salima, Benga, Nkhotakota ndi Dwangwa sisintha, ndipo dalaivala woyenda msewu umodzi tsiku ndi tsiku angawerenge maulendo m'malo mwa makilomita.

Kutsutsa kwina n'kwakuti galimoto simwa mofanana masiku onse. Izi n'zoona. Sienta yonyamula anthu opitirira mipando yake, matumba a mpunga ndi madengu a usipa pamwamba, ikuzemba maenje pa giya yachiwiri, singafanane ndi yopanda katundu pa tala wosalala. Koma kusiyana kumeneku kuli ndi malire odziwika, ndipo munthu angathe kukuphunzira n'kumawerengera nambala yoipitsitsa. Geji yoperepeseka ilibe malire otere. Lero inama ndi malita 2, mawa ikakamira pa kota mpaka injini izime.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya pa pampu. Madalaivala ambiri akathira malita 10 n'kuona muvi wangosuntha pang'ono amati aberedwa. Kuba pa pampu kumachitika, ndipo n'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayeza mapampu pomwe a MERA amayang'anira ogulitsa mafuta. Koma muvi si mboni yoti n'kuimika pa mlandu. Malita 10 omwewo amasuntha muvi mosiyana malinga ndi pamene unali, ndiponso malinga ndi kupendekeka kwa malo amene galimoto yaima. Ngakhale kuona thanki ya malita 50 italandira 52 si umboni wokwanira, popeza nambala ya m'buku siwerengera paipi yothirira ndi mpata umene opanga amasiya pamwamba. Mpatawo uli ndi ntchito: petulo amafufuma pafupifupi lita imodzi pa malita 1,000 alionse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, choncho malita 50 otenthedwa ndi madigiri 10 amawonjezeka ndi theka la lita. M'dzuwa la October kunyanja kuno, kugwedeza galimoto kuti mulowe ena pampu itadula kale n'kungotaya mafuta. Wokayikira pampu aone kuti yayambira pa ziro, atenge lisiti, akadandaule kwa oyeza amene ali ndi miyeso yovomerezeka.

Zonsezi zimalemera kwambiri m'dziko limene mafuta ake amachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amasowa kawirikawiri. Mizere ya 2011 ndi 2012 inabweranso mu 2022 ndi zaka zotsatira, ndipo nthawi zoterezi a MERA amaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo. Woferedwa galimoto pakati pa Benga ndi Chia amatsala ndi mavenda a m'mabotolo, pa mtengo wokwera, mafuta ake osadziwika chimene asakanizamo. Kutayako sikuthera pamenepo. M'magalimoto ambiri a petulo a masiku ano pampu imakhala m'thanki momwemo ndipo imaziziritsidwa ndi mafuta amene ikukoka. Kuiyendetsa ikukoka mpweya kumaifupikitsa moyo, ndipo galimoto ya dizilo ikatheratu mafuta imafunanso kuchotsa mpweya m'mapaipi isanalire.

Geji yowonongeka imakonzeka. Makaniko wodziwa za magetsi amatulutsa fuloti, kuyeza timizere take, kupala waya wa efi kapena kuika ina, malinga ntchitoyo ichitikire kutali ndi moto ndi fodya. Eni magalimoto a matola, amene amafunsa dalaivala ndalama ya tsiku madzulo alionse, ayambe kufunsanso malita ndi makilomita, ndipo amugulire kabuku ndi cholembera.