NKHOKWE ZA BOMA ZA PA MTAMBO ZIFUNA KUKONZEDWA PA NTHAWI YAKE

Masiku ano m'maofesi a Boma mumveka kawirikawiri mau akuti nkhani zasungidwa "pa mtambo." Anthu ena pakumva mau amenewa aganiza kuti nkhanizo zili m'mwamba, kumene kulibe dzimbiri kapena chiswe. Koma zoona zake n'zakuti mtambo umenewu ndi makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, oikidwa m'nyumba yozizira, odya magetsi usana ndi usiku, amene ogwira ntchito kutali awafikira kudzera pa intaneti. Makina amenewa akalamba monga chikalambira chinthu chilichonse chopangidwa ndi manja, ndipo mapulogalamu oyendetsa makinawo akalamba msanga koposa. Nkhani imeneyi ikhudza aliyense wogwira ntchito ya Boma, ngakhale iye amene sanaonepo seva ndi maso.

Ulendo wa lipoti la ku Kasungu

Tiyeni titenge boma la Kasungu, limene pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 800,000. Mwezi ukatha, pa chipatala chilichonse chaching'ono aŵerenga m'makaundula ao: ana obadwa, ana olandira katemera, odwala malungo, amayi oyembekezera obwera ku sikelo. Ziŵerengero zimenezi zipita ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo ziloŵetsedwa m'pulogalamu yotchedwa DHIS2. Pomwepo akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe aona pamene pachuluka matenda ndi pamene pachepa katemera, ndipo ziŵerengerozo ziwathandiza kulinganiza mankhwala ndi antchito.

Pulogalamu imeneyi chiyambi chake chili ku South Africa, kumene akatswiri a kumeneko ndi a ku yunivesite ya Oslo ku Norway anayamba ntchitoyi tsankho litangotha. Mtundu wake wachiŵiri unayamba kugwira ntchito ku Kerala m'dziko la India mu 2006, ndipo unafalikira m'maiko oposa 70. Dziko lathu linaufikitsa m'maboma onse mu 2012.

DHIS2 ndi pulogalamu yotseguka. Kutero ndiko kunena kuti malangizo onse amene anailembera ali poyera; aliyense aloledwa kuwaŵerenga, kuwakonza ndi kuwagwiritsa ntchito popanda kulipira chiphaso. Pansi pake pali mapulogalamu enanso otseguka: Java, imene anailembera, PostgreSQL, yosunga ziŵerengero, ndipo kaŵirikaŵiri Ubuntu, yoyendetsa seva yeniyeniyo. Ubuntu anaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzina lake ndi mau omwe aja ife timati umunthu.

Chaulere chilinso ndi mtengo wake

Apa ndi pamene ambiri asokera. Popeza pulogalamu yotseguka salipira poitenga, ena ayesa kuti ikangoikidwa, ntchito yatha. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu sangaganize motero za chigafa chake. Mitengo ndi udzu angazipeze popanda kugula, komabe adziŵa kuti nsanamira zidyedwa ndi chiswe, mikangala ithyoka, ndipo denga lidontha. Chaka ndi chaka akonza chigafa fodya asanakhwime, chifukwa tsamba likanyowa lili lopachika, ku okushoni ya Chinkhoma sakamva zodandaula zake.

Mapulogalamu nawonso ali ndi nyengo zao, ndipo nyengozo zilengezedwa poyera. Ubuntu itulutsa mtundu wokhalitsa m'mwezi wa April pa zaka ziŵiri zilizonse, ndipo eni ake ausamala kwaulere zaka 5. Mtundu wa April 2020 chisamaliro chake chaulere chinatha mu May 2025. PostgreSQL itulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse, ndipo uliwonse usamalidwa zaka 5. DHIS2 kuyambira 2023 inatsata dongosolo la mtundu umodzi waukulu pa chaka, ndipo akatswiri a ku Oslo asamala mitundu itatu yomalizira yokha: mtundu wa 42 utatuluka mu 2025, wa 39 unagwa pa mndandanda. Maiko ndi mabungwe amene amanga mtambo waowao agwiritsanso ntchito OpenStack, imene NASA ndi kampani ya Rackspace anaiyambitsa mu 2010; imeneyo itulutsa mtundu watsopano miyezi 6 iliyonse.

Kodi chichitika n'chiyani chisamaliro chikatha? Pulogalamu siileka kugwira ntchito tsiku lomwelo, ndipo ngozi yagona pomwepo, pakuti palibe chochenjeza. Kungoti pakapezeka mng'alu umene mbava za pa intaneti zingaloŵere, palibenso amene aumata. Mu December 2021 kunapezeka mng'alu waukulu m'kachidutswa kotchedwa Log4j, kamene kali m'mapulogalamu ambirimbiri a Java pa dziko lonse. Chigamba chake chinatuluka m'masiku oŵerengeka. Amene makina ao anali osamalika anamata msanga. Amene anatsalira zaka zambiri anayenera kuyamba kukwera makwerero onse amene anawalumpha, mbava zili pakhomo.

Dongosolo la kukonzanso

Amisiri odziŵa ntchito imeneyi atsata malamulo ochepa koma osaphwanyika. Choyamba, asanakhudze kanthu, akopera ziŵerengero zonse ndi kuzisunga pa makina ena, m'nyumba ina. Ndipo ayesa kuzibwezeretsa, chifukwa nkhokwe yosatseguka ilibe phindu pa tsiku la njala. Chachiŵiri, ayamba ayesa mtundu watsopanowo pa seva yoyeserera, monga mlimi afesa pa nazale asanaokere m'munda. Pamenepo aona ngati mafomu onse atseguka, ndiponso ngati malipoti apereka ziŵerengero zofanana ndi zakale. Chachitatu, asankha nthaŵi. Sichanzeru kuimitsa makina kumayambiriro kwa mwezi pamene maboma atumiza malipoti, kapena pakati pa dzinja malungo ali pa chimake. Chachinayi, adziŵitsa maofesi onse tsiku ndi ora, ndipo akhala ndi njira yobwerera ku mtundu wakale ngati zinthu zavuta. Potsiriza, aphunzitsa ogwiritsa ntchito zimene zasintha, pakuti kalaliki wa ku Kasungu akasoŵa batani limene analizoloŵera, lipoti lichedwa chimodzimodzi ngati kuti makina afa.

Koposa zonse, sazengereza. Kukwera mtundu umodzi chaka chilichonse ndi ntchito yopepuka. Kulumpha mitundu inayi nthaŵi imodzi ndi ntchito yolemetsa, chifukwa pofika pamenepo Java, PostgreSQL ndi Ubuntu nazonso zatsalira, ndipo zonse zifuna kusinthidwa pamodzi. Akulu akale anati mvula ikakuona litsiro sikata.

Zimene dziko laphunzira

Boma lachitapo zazikulu pa maziko a ntchito imeneyi. Nyumba yosungiramo maseva a dziko inatsegulidwa ku Blantyre mu 2022, ndipo mu 2024 kunakhazikitsidwa lamulo loteteza nkhani za chinsinsi za anthu, limene lipereka udindo kwa aliyense wosunga nkhanizo. Koma zaka zomwezi zatiphunzitsanso kuti nyumba ndi lamulo pazokha sizikwanira.

Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthaŵi yoposa chaka. Seva yopanda mabatire ndi jenereta, ndiponso yopanda inzake kwina, siingapirire nyengo yotero. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti wa nthaŵi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo mu February kuti mbava za pa intaneti zinaloŵa m'makinawo ndi kufuna dipo. Anthu ofuna kukaphunzira, kukalandira chithandizo cha mankhwala kapena kukagwira ntchito kunja anakhala manja ali m'khosi. Ndipo mu January 2025 boma la United States linaimitsa thandizo lake lambiri ku maiko akunja, chinthu chimene chinakumbutsa Africa yense kuti ntchito yodalira ndalama za abwenzi ingaime tsiku lililonse.

Phunziro la zonsezi ndi limodzi. Ubwino weniweni wa pulogalamu yotseguka suli pa kusalipira chiphaso, koma pa mfundo yakuti makiyi ake angathe kukhala m'manja mwa eni dziko. Palibe kampani imene ingatseke chitseko ndi kupita nawo makiyiwo. Koma makiyi alibe ntchito ngati palibe Mmalaŵi wodziŵa kutsegulira, wolembedwa ntchito yokhazikika ndi kulipidwa moyenera kuti asathaŵire kwina.

Mbali ya ogwira ntchito za Boma ndi aphunzitsi

Inu amene mukonza ndondomeko za chuma m'maunduna ndi m'makhonsolo, musaŵerengere mtengo wogulira makina okha. Ikanimo ndalama za chaka ndi chaka: za seva yoyeserera, za mabatire, za intaneti, za maphunziro a amisiri. Funsani amisiri anu mafunso atatu: kodi tili pa mtundu uti, chisamaliro chake chitha liti, ndipo ndi liti pamene tinayesa kubwezeretsa zimene tinasunga? Safuna kukhala katswiri munthu wofunsa mafunso amenewa, ndipo yankho lake liyenera kulembedwa ndi kusungidwa m'faelo, kuti mmisiri akasamutsidwa nzeru zisapite naye. Mukalandira chidziŵitso chakuti makina aima tsiku limodzi kuti akonzedwe, musachiyese chipongwe. Tsiku limenelo liombola milungu yambiri.

Inunso aphunzitsi, kuyambira a ku koleji ya aphunzitsi ya Kasungu kufikira a m'masekondale a ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, dziŵani kuti mapulogalamu omwewa amene ayendetsa maseva a maiko angaikidwe pa kompyuta yakale ya pa sukulu popanda kulipira tambala. Mwana amene waphunzira kuika Ubuntu, kusunga ntchito yake paŵiri ndi kukonza chimene chaonongeka, wayamba kale ulendo wa umisiri umene dziko liusoŵa. Mphunzitseni kuti kusamala chinthu n'kolemekezeka monga kuchigula chatsopano, pakuti ziŵerengero za odwala athu ndi ana athu zidzakhala m'manja mwa ana amene muwaphunzitsa lero.