Chitaganya: Kodi Mphamvu Imakhala Pati?

Munthu wotsika pa msewu wa Khwekhwerere, akadutsa Golomoti nafika pa Mtakataka, wafika pa likulu la Inkosi Kachindamoto. Anthu a kuno safuna wowaphunzitsa za kulimbirana ufumu. Angoni a Maseko anali mtundu umodzi, koma mkangano wa Chikusi ndi Chifisi unawang'amba pakati, ndipo m'zaka za m'ma 1890 Gomani anatsala kumapiri pamene Kachindamoto anatsikira kuno kunyanja. Tsono popeza mawu akuti chitaganya anamvekanso m'Malawi m'chaka cha 2014, nkoyenera kuti awerengi athu aone m'mene maboma otere anayendera, kwathu kuno ndi kutali komwe.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba m'chaka cha 1953. Pa pepala ntchito zinagawidwa bwino ndithu: asilikali, msonkho wa pa malire, mapositi ndi zipatala zinapita ku boma la ku Salisbury, pamene maphunziro ndi ulimi wa anthu akuda zinatsala ku Zomba. Koma taonani mipando ya m'Nyumba ya Malamulo. Yonse inali 35. Nyasaland anapatsidwa 7, ndipo mwa iyo iwiri yokha inali ya anthu akuda, a Wellington Chirwa ndi a Clement Kumbikano. Mafumu sanafunsidwe moona. Inkosi Gomani Philip atakana, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, Boma linamchotsa pa mpando m'chaka chomwecho, ndipo anamwalira mu 1954.

Chinthu chimodzi chimene lamulo la Chitaganya linalibe ndicho khomo lotulukira. Apa mpamene maiko a Sosholizimu atidabwitsa. Soviet Union, imene inakhazikitsidwa mu 1922 nidzakhala ndi maiko 15, inalemba poyera m'malamulo ake a 1936 ndi a 1977 kuti dziko lililonse lili ndi ufulu wotuluka. Ukraine ndi Georgia anali ndi mbendera zao, nyumba zao za malamulo, ndi zinenero zao m'masukulu. Komabe Nyasaland, wopanda khomo uja, anatuluka patapita zaka 10, pamene Ukraine anadikira zaka 69.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Ku Soviet Union boma linagawidwa, koma chipani sichinagawidwe. Mlembi wa chipani cha Komyunizimu m'dziko lililonse ankakhala pa mpando mwa chifuniro cha ku Moscow, ndipo munthu wonena za kutuluka ankatengedwa ngati woukira. Kwathu kuno zinali zosiyana. Anthu anali ndi Congress yaoyao, ndipo itatsekedwa pa 3 March 1959, Dr. Banda ndi anzake ali m'ndende, panabadwa Malawi Congress Party. Kuonjezera apo mwini mlandu anali kunja, ku London. Bungwe la Monckton linanena mu 1960 kuti nkhani yotuluka iganiziridwe, a R. A. Butler anavomera mu December 1962, ndipo Chitaganya chinatha pa 31 December 1963.

Yugoslavia ndiyo inayesetsa kugawa mphamvu zenizeni, ndipo nkhani yake ndi yachisoni koposa. Lamulo la 1974 linapatsa maiko ake 6, pamodzi ndi zigawo za Kosovo ndi Vojvodina, mphamvu zambiri pa chuma ndi pa apolisi. Tito atamwalira mu 1980, upulezidenti unayamba kuzungulira, chaka chino uyu, chaka chamawa uja, monga alimi alandizana khasu pa dima. Nzeruyo inaoneka yabwino, koma panalibenso mkulu woweruza pamene olemera a ku Slovenia anatopa ndi kuthandiza osauka a kummwera. Mu January 1990 nthumwi za Slovenia zinatuluka pa msonkhano wa chipani, chipanicho chinasweka, ndipo mu 1991 nkhondo inabuka. Czechoslovakia, imene inasanduka chitaganya mu 1969, inapatukana mwamtendere pa 1 January 1993.

Mgwirizano umene ulipobe uli pafupi nafe, tsidya la nyanja yomweyi. Tanganyika ndi Zanzibar anaphatikana pa 26 April 1964 mwa pangano la Nyerere ndi Karume, ndipo Zanzibar anasunga pulezidenti wake ndi boma lake. Ena akana kuutcha chitaganya, popeza kumtunda kulibe boma lakelake. Nakonso chomangira chinali chipani: TANU ndi Afro-Shirazi anasanduka Chama Cha Mapinduzi mu 1977. Mu 1984 Aboud Jumbe, pulezidenti wa Zanzibar, atafuna kuti pakhale maboma atatu, amene anamuitanitsa ku Dodoma si bwalo la milandu ayi, koma chipani, ndipo anabwerako atatula maudindo ake onse.