Malata kapena udzu: chinsinsi chili mu mpweya

Mu Okutobala nyumba ya malata imasanduka ng'anjo, pomwe usiku wa mu Juni imazizira koopsa. Nyumba yofolera udzu siitero.

Chitsulo chimalandira kutentha msanga n'kukutayanso msanga. Koma udzu, thonje, utuchi ndi bulangete zimatsekera mpweya m'timipata, ndipo kutentha kumavutika kudutsa mpweya wosayenda.

Nzeru yomweyi ikupulumutsa makala kukhitchini. Amayi ena amanyika nyemba m'madzi usiku, n'kuziwiritsa bwinobwino m'mawa, kenaka amaika poto wovindikira m'dengu loyalamo thonje kapena nsanza, n'kufunditsa pamwamba. Pakatha maola angapo nyemba zimakhala zitapsa popanda kusonkhezanso moto.

Chofunika n'chakuti zofunditsazo zikhale zouma, chifukwa nsanza zonyowa zimaba kutentha m'malo mokusunga.