Matimati Sadikira: Zomwe SD-WAN Ingachitire Bizinesi ya ku Ntcheu

Aliyense wokweza katundu pa msika wa Lizulu amadziwa kuti matimati ndi kachewere sayenda ulendo umodzi. Matimati akupsa ayenera kukwera galimoto yoyamba kunyamuka, apo ayi akafika ku Limbe ataphwanyika. Kachewere angathe kugona m'matumba kudikira lole yotchipa ya mawa. Ndiye pamakhala munthu, kaya mwini katundu kaya kapitawo wake, woimbira madalaivala, kumva komwe msewu wavuta, n'kugamula choti chikwere galimoto iti. Munthu ameneyu salima, sayendetsa galimoto, samanga msewu, koma akalakwitsa, thukuta la m'dimba limaolera panjira.

SD-WAN ndi kapitawo wotereyu, kungoti katundu wake ndi mauthenga oyenda pakati pa makompyuta a nthambi za kampani imodzi. Tiyerekeze kampani yogulitsa feteleza ndi mbewu, likulu lake ku Lilongwe, masitolo pa boma la Ntcheu, ku Tsangano ndi ku Kasinje. Kasitomala akalipira pa makina a khadi, wogulitsa akamafufuza matumba otsala m'nkhokwe, manijala akamaimbira ku likulu pa intaneti, makamera akamatumiza zithunzi, zonsezi zimaduladulidwa m'timaphukusi ting'onoting'ono n'kulowa m'njira imodzi. Njirayo ikadzadza kapena kuduka, mumamva mawu amene tonse tinawazolowera pa mzere: netiweki yavuta, mudikire.

Kale makampani akuluakulu, makamaka mabanki, ankathana ndi zimenezi pobwereka mzere wawowawo wotchedwa MPLS, luso la kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndi wodalirika, koma wodula, ndipo kuufikitsa ku sitolo yakumudzi ndi nkhani ina. Enafe timangogula rauta ya masimu awiri yoti TNM ikazima ilumphire ku Airtel. Zimathandiza ndithu. Vuto lake n'lakuti rauta wamba amadziwa njira yamoyo ndi yakufa basi. Yodwala saiona. Pomwe chimene chimatizunza masiku ambiri ndi njira yodwalayo: timizere ta netiweki tikuoneka todzaza, koma malipiro akungozungulira osadutsa.

Apa ndi pamene SD-WAN imasiyanira. Pa sitolo iliyonse pamaikidwa kabokosi kolumikizidwa ku njira zonse zomwe zilipo: faiba ngati inafika, simu ya 4G, mbale ya Starlink imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Kabokosiko kamayesa njira iliyonse mosalekeza, pofuna kudziwa zinthu zitatu: phukusi likutenga nthawi yaitali bwanji kuti lifike, nthawiyo ikukhazikika kapena ikusinthasintha, ndi maphukusi angati akutayika m'njira. Kamazindikiranso mtundu wa katundu. Mawu a pa foni ndiwo matimati enieni, chifukwa akamachedwa kupitirira mamilisekondi 150 anthu amayamba kudulana mawu pocheza. Malipiro a pa khadi ndi kaphukusi kochepa kwambiri koma kosayenera kutayika. Zithunzi zakale za kamera ndi mapulogalamu okonzanso kompyuta ndi kachewere, zingayende usiku. Faiba ikayamba kutaya maphukusi, kabokosi kamasamutsira mawuwo ku 4G, kawirikawiri olankhulawo osazindikira n'komwe, ndipo faiba ikachira kamawabwezera. Zonse zimayenda zitatsekeredwa m'chinsinsi, moti ngakhale zikudutsa pa intaneti ya aliyense, wapanjira sangaziwerenge.

Ubwino wina, umene ine ndimauona waukulu kwa ife okhala kutali ndi mizinda, ndi woti malamulo amalembedwa malo amodzi. Katswiri ali ku Lilongwe akalamula kuti malipiro azitsogola ndipo YouTube izikhala kumapeto, lamulolo limafika m'masitolo onse nthawi yomweyo. Kabokosi katsopano kangatumizidwe pa basi, wogulitsa n'kukalumikiza ku magetsi ndi ku intaneti, kenako kamakoka kokha malamulo ake. Amene anayendapo msewu wopita ku Tsangano nthawi ya dzinja adziwa kufunika kwa ulendo umene sunayendedwe. Lusoli si lachilendonso kunjaku: linayamba kutchuka cha m'ma 2014, ndipo mu 2017 Cisco inagula kampani ya SD-WAN yotchedwa Viptela pomwe VMware inagula ina yotchedwa VeloCloud.

Koma kapitawo samanga msewu, ndipo apa ogulitsa zipangizozi sachedwapo. Kuchokera ku Lizulu kupita ku Blantyre kuli njira zikuluzikulu ziwiri: ya ku Zalewa, ndi ya ku Balaka, Liwonde mpaka Zomba. Njira ziwirizi zimapatukana pa Chingeni. Kuyambira pa Lizulu, kudutsa pa boma mpaka pa Chingenipo, msewu ndi umodzi, M1. Mlatho ukakokoloka m'chigawo chimenechi, kapitawo angakhale ndi manambala a madalaivala khumi, palibe chimene chidutse. Pa netiweki n'chimodzimodzi. Mutha kulipira makampani awiri, malisiti awiri, koma onse atapachika zida zawo pa nsanja imodzi, kapena akubwereka faiba imodzi yotsata mphepete mwa msewu. Wokumba ngalande akaidula, onse amazimira limodzi. Ngakhale dziko lonse lili ndi Chingeni wake, popeza tilibe gombe la nyanja yamchere ndipo intaneti yathu imadzera kwa anansi. Pa 12 May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka pakati pa Mozambique ndi South Africa, intaneti inafooka m'Malawi, ku Tanzania ndi maiko ena a chigawo chino. Funso loyamba kwa wogulitsa mzere lisakhale la liwiro ayi. Mumufunse kuti chingwe chake chikudutsa pati, nsanja yake ndi iti, ndipo ayankhe polemba. N'chifukwa chake ndimaona kuti njira imodzi yapansi ndi ina yamumlengalenga zimaposa njira zitatu zapansi zokhazokha, ngakhale mvula yamphamvu imafooketsanso mbale.

Magetsi nawo ndi mlatho wina. Kabokosi, rauta, mbale ndi makina a khadi zonse zikhale pa batire kapena sola, apo ayi mwagula chinthu chodula choti chizizima limodzi ndi babu.

Pa ndalama tilankhule mosabisa. Zipangizo zambiri za SD-WAN zimafuna laisensi yolipira chaka ndi chaka, mtengo wake m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense wokhala ndi ngongole ya m'madola anaona momwe bajeti imasungunukira. Mwini sitolo imodzi pa Kampepuza asavutike nazo, rauta ya masimu awiri ndi batire yabwino zimukwanira. SD-WAN imayamba kubweza ndalama zake pamene nthambi zachuluka, pamene ola limodzi lopanda netiweki likutayitsa malonda enieni, monga nthawi yogula feteleza mvula yoyamba itagwa, ndiponso pamene katswiri mmodzi akuyang'anira malo ambiri otalikirana. Mabanki, ma SACCO a nthambi zingapo, malo omwetsera mafuta ndi zipatala za mishoni ndi amene ayenera kuiganizira mozama.

Ntchito yovuta kwambiri si ya mawaya. Ndi yoti mwini bizinesi akhale pansi ndi owerengera ndalama ndi ogulitsa, agwirizane kuti matimati awo ndi ati. Ambiri amasiyira katswiri wobwera, iye n'kuika malamulo amene anabwera ndi kabokosi, olembedwera maofesi a ku Ulaya kumene misonkhano ya pa vidiyo imatsogola. Ku Kasinje choyenera kutsogola ndi malipiro a mlimi amene wayenda mtunda pa njinga ndipo akufuna kubwerera kusanade.

Musayambe ndi masitolo onse. Sankhani nthambi yovutitsitsa, muyese m'miyezi ya mvula, ndipo musanasaine pangano la zaka zitatu, zulani chingwe cha faiba malonda ali mkati, wogulitsa zipangizoyo ali pomwepo, muone ngati malipiro adutse.