Galimoto ya Turbo: Mafuta Oyenera ndi Kompyuta ya Injini

Alimi ambiri amene amabwera ku maphunziro athu tsopano ali ndi magalimoto a dizilo okhala ndi turbo, monga Toyota Hilux ndi Isuzu. Mafunso awiri amabwera kawirikawiri: kodi dizilo yochipa yogulitsidwa m'zigubu ndi yabwino? Nanga n'koyenera kulola makanika kusintha kompyuta ya injini kuti iwonjezere mphamvu? Mayankho ake agona pa mmene turbo imagwirira nchito.

Turbo ili ndi timapiko tiwiri tolumikizidwa ndi kacitsulo kamodzi. Utsi wotentha wotuluka mu injini umazunguza kaphiko kamodzi, ndipo kenako kamakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Mpweya ukaculuka, dizilo yambiri imapsa bwino, motero injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu. Kwathu kuno n'zothandiza kwambiri, popeza madera ambiri a Zambia ali pamwamba mamita oposa 1,000 kucokera pa nyanja yamcere, kumene mpweya ndi wopepuka. Koma mphamvu imeneyi imadza ndi kutentha kwakukulu, ndipo timapikoto timazungulira koposa 100,000 pa mphindi imodzi.

Injini zatsopanozi zimapopera dizilo mwamphamvu zedi kudzera m'timabowo tating'ono ngati tsitsi, ndipo dizilo yomweyo ndiyo imafewetsa pampu. Madzi m'mafuta amacititsa dzimbiri, fumbi limakanda timabowoto, pamene palafini amene ena amasakaniza ndi dizilo alibe mafuta okwanira ofewetsa zitsulo. Kuyambira mu 2023, paipi ya TAZAMA imabweretsa dizilo ya sulfure wocepa kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ndipo imeneyi ndiyo injini zotere zimafuna. Tigule pa malo amene ali ndi cilolezo ca Energy Regulation Board. Ngati tisunga dizilo pa famu, mgolo ukhale pamthunzi ndi wotsekedwa bwino, ndipo tisamapope ya pansi penipeni, pamene madzi ndi zinyalala zimakhazikika. Amene ali ndi turbo ya petulo asatsike pa mlingo wa octane wolembedwa m'buku la galimotoyo.

Kompyuta ya injini, yochedwa ECU, imayeza mpweya, kutentha ndi liwiro la injini, ndipo imagamula kuculuka kwa dizilo ndi nthawi yoipopera. Opanga galimoto anasiya dala mpata pakati pa mphamvu imene injini imapereka ndi malire amene zitsulo zingapirire. Woika chip kapena wosintha kompyuta salenga mphamvu yatsopano. Amangodya mpata umenewo. M'tauni, galimoto ili yopanda katundu, mwini wake adzakondwa. Koma itanyamula matumba 20 a cimanga a makilogalamu 50, ikukwera zitunda za msewu wa Great East pafupi ndi mlatho wa Luangwa, utsi umatentha mopitirira, mapisitoni angang'aluke, ndipo kalachi imayamba kuterera. Utsi wakuda umene ena amauyesa cizindikiro ca mphamvu ndi dizilo yosapsa, ndalama zouluka ndi mphepo.

Conco uphungu wathu ndi wakuti kompyuta isiyidwe mmene anaikonzera opanga. Ndalama zimene zikanapita ku chip zigule sefa ya mpweya m'nyengo ya fumbi, sefa ya dizilo, ndi oilo woyenera pa nthawi yake. Tizicotsa udzu ndi mankhusu otsekereza kutsogolo kwa redieta. Tikafika pambuyo pokoka katundu wolemera, injini ilire pang'onopang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri tisanaizimitse, kuti oilo aziziritse turbo. Nyale yocenjeza ikayaka, galimoto ikapimidwe ndi makina, cifukwa kungozimitsa nyaleyo sikucotsa vuto.

Galimoto ikafa m'nyengo yokolola, cimanga sicifika ku depoti ya Food Reserve Agency, ndipo mlimi amagulitsa pakhomo pa mtengo umene wogula wanena. Kusamala zimene Mulungu watipatsa kumayambira pa zinthu zazing'ono ngati sefa ndi mgolo wa mafuta.