Mlendo ayambe ndi chipolopolo chimodzi

Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuwombera chandamale, ndipo mwa onse amene amafika pabwalo lowomberapo, wofunika kumusamala kwambiri ndi mlendo wochokera kunja. Ku America alendo otere ndi msika waukulu. Mumzinda wa Las Vegas muli mabwalo amene amadalira anthu odzaona malo, ndipo ku Waikiki, m'chigawo cha Hawaii, komanso pachilumba cha Guam, zikwangwani zoitanira anthu kudzawomba mfuti zimalembedwa ndi m'Chijapani momwe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ku Japan lamulo la mu 1958 limakhwimitsa kwambiri za mfuti, moti munthu wamba sangakhale ndi pisitolo pakhomo. Ku Britain, munthu wina atapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu ya ku Dunblane mu 1996, boma linaletsa mfuti zambiri za m'manja chaka chotsatira. Kotero munthu amakula mpaka kumera imvi akungoiona mfuti m'mafilimu, ndipo akafika kudziko kumene angathe kuibwereka kwa ola limodzi, mtima umafuna kulawako. Chidwi chimenechi sindichiona cholakwika. Chimene ndikutsutsa ndi kalandiridwe kake. Ambiri amathamangira kumugwiritsa mlendo mfuti yaikulu ndi yaphokoso kuposa zonse, pamene iye ayenera kuyamba ndi yaing'ono, yoikamo chipolopolo chimodzi basi, mphunzitsi ataima pafupi moti dzanja lake n'kufika pamfutiyo.

Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyambe taona masewerawa mmene alili. Kuwombera chandamale kunalipo pa masewera a Olympics oyamba a makono ku Athens mu 1896, ndipo bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, limene lero limatchedwa ISSF, linayamba mu 1907. Umodzi mwa mipikisano yake yovuta kwambiri ulibe ngakhale wonga. Amagwiritsa ntchito mfuti ya mpweya, kachipolopolo kake n'kamamilimita 4.5, chandamale chili pa mamita 10, ndipo pakati penipeni popatsa mamaliki 10 ndi kadontho ka theka la milimita. Akatswiri amakakhudza kadonthoko pafupifupi ulendo uliwonse mwa maulendo 60, mpaka oweruza anachita kuyamba kuwerenga ndi tizigawo, kulasa kwabwino koposa n'kumakhala 10.9. Apa nyonga sizigwira ntchito. Chofunika ndi kaimidwe, kapumidwe, ndi kukoka kachitsulo kowombera pang'onopang'ono mosagwedeza mpope wa mfuti. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. N'chifukwa chake Oscar Swahn wa ku Sweden anapata mendulo ya siliva ku Antwerp mu 1920 ali ndi zaka 72, n'chifukwa chake Zhang Shan, mayi wa ku China, anagonjetsa amuna n'kutenga golide ku Barcelona mu 1992, n'chifukwa chakenso Károly Takács wa ku Hungary, dzanja lake lamanja litawonongeka ndi bomba mu 1938, anaphunzira kuwomba ndi lamanzere n'kupambana golide mu 1948 ndi mu 1952. Mlendo amene tamupatsa phokoso lokhalokha amabwerera kwawo asanaone n'komwe masewera amene anthu amenewa anawapatsa moyo wawo.

Koma nkhaniyi siithera pa kukoma kwa masewera, pali moyo wa munthu. Mfuti iliyonse ikalira imakankhira kumbuyo ndipo mpope wake umanyamuka. Mfuti yaing'ono ya .22 imakankha pang'ono zedi, ya mpweya sikankha n'komwe mwakuti n'kuimva. Mfuti yolavula zipolopolo motsatizana ndi ina. Chala chikangokhala pakachitsulo kaja, kukankha kwachiwiri kumabwera koyamba kusanathe, mpope n'kumangokwera, ndipo munthu wodzidzimuka safunyulula dzanja, amafumbata kwambiri. Pa 25 Ogasiti 2014, ku White Hills m'chigawo cha Arizona, mtsikana wa zaka 9 amene anali paulendo wokaona malo ndi makolo ake anagwiritsidwa mfuti ya mtundu wa Uzi. Atawomba chipolopolo chimodzi bwinobwino, mphunzitsi wake Charles Vacca anaitchera kuti izilavula motsatizana. Mfutiyo inamupotoka mwanayo m'manja, chipolopolo n'kumulasa mphunzitsiyo m'mutu, ndipo anamwalira. Mu 2008 mnyamata wa zaka 8 anafa mwa njira yofananayo ku Westfield, m'chigawo cha Massachusetts. Ena anganene kuti amenewa anali ana. N'zoona, koma munthu wamkulu amene sanagwirepo mfuti naye sadziwa chimene manja ake achite phokoso likamulowa m'khutu, ndipo ifenso aphunzitsi sitidziwa. Chipolopolo chimodzi chimatipatsa mpata woona. Kaya munthuyo adzidzimuka, kaya aigwetsa, kaya atembenuka nayo, mfutiyo imakhala ilibe kanthu.

Kutembenuka kumeneku ndiye vuto lenileni la alendo. Munthu akalasa chandamale koyamba amasangalala, ndipo thupi lonse limafuna kucheukira anzake amene akumujambula pafoni, mfuti ili m'manja. Malamulo anayi amene anatchuka chifukwa cha Jeff Cooper, amene anakhazikitsa sukulu ya Gunsite ku Arizona mu 1976, anakonzedwa poganizira zoterezi. Mfuti iliyonse uziitenga kuti ili ndi chipolopolo, usailozetse pa chinthu chimene sukufuna kuchiwononga, chala chisafike pakachitsulo kowombera usanalunjike chandamale, ndipo uzidziwa chimene ukuwombera ndi zimene zili kuseri kwake. Ubwino wake ndi wakuti amatchinjirizana, moti ngozi yoopsa kawirikawiri imachitika munthu akaswa awiri nthawi imodzi. Komatu malamulo amagwira ntchito akamveka. Mlendo amamva chilankhulo chimene si chake, makutu atatsekedwa, mtima ukugunda, ndipo ambiri a ife tinaleredwa kuti munthu waudindo akamalankhula uzivomera ndi mutu, kufunsa n'kumuvutitsa. Kugwedeza mutu kotero si umboni woti wamva. Mphunzitsi wodziwa ntchito amayamba ndi mfuti yopanda chipolopolo m'chipinda chopanda phokoso, amamuuza mlendo kuti abwereze yekha ndi manja zimene wauzidwa, ndipo amagwirizana naye liwu limodzi lotanthauza kuti leka, pamodzi ndi chizindikiro cha dzanja paphewa. Amamuchenjezanso za khoko lotentha la chipolopolo limene limathothoka m'mfuti n'kutha kugwera m'malaya, pakuti munthu amene sanachenjezedwe amavina nalo mfuti ili m'manja. Ngati palibe womasulira ndipo sakumvana, pasawombedwe mfuti tsiku limenelo.

Palinso lamulo la dziko, ndipo apa ndikulankhula makamaka kwa abale athu okhala ku America amene amafuna kusangalatsa achibale odzacheza kuchokera ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa. Kuyambira mu 1998 lamulo la boma la America limaletsa munthu wolowa m'dzikomo ndi viza ya kanthawi, monga yodzacheza kapena ya sukulu, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa, chodziwika kwambiri n'kukhala ndi chiphaso chosakira nyama chochokera ku chimodzi mwa zigawo za dzikolo. Alendo a ku Japan ndi ku Britain ambiri amalowa popanda viza, motero chiletsochi sichiwakhudza, koma mayiko athu ndatchulawa sali pa ndondomeko imeneyo. Kuti bwalo lalandira ndalama zanu sikutanthauza kuti lamulo lakulolani. Hamid Rehaif wa ku United Arab Emirates, amene anachotsedwa pa yunivesite ina ku Florida n'kutaya chilolezo chake chokhalira ku America, anakawombera chandamale pabwalo lina ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 18. Mlandu wake unafika ku khoti lalikulu la dzikolo mu 2019, limene linati boma liyenera kuonetsa kuti iye ankadziwa kuti chilolezo chake chinatha, koma pofika apo n'kuti moyo wake utasokonezeka kale. Ku South Africa zinthu n'zosiyana, chifukwa lamulo la mfuti la mu 2000 limalola mwini chiphaso wa zaka zosachepera 21 kugwiritsa munthu wina mfuti yake iye akuyang'anira pomwepo. Dziko lililonse lili ndi zake, ndipo kufufuza ndi udindo wa wolandira mlendo.

Eni mabwalo ena amanditsutsa. Amati mlendo wabwera kamodzi, walipira yekha, ndipo akufuna kumva kugunda kwa mfuti imene anaiona m'filimu, nanga ife ndife yani kuti timupatse kamfuti kophunzirira ana? Mfundoyi ili ndi mphamvu, chifukwa munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha chomusangalatsa, ndipo ine sindikunena kuti asaigwire konse yaikuluyo. Ndikunena za chimene chiyambe ndi chimene chitsatire. Munthu amene wayamba ndi mfuti yokankha kwambiri, thupi lake limaphunzira kuopa kulira kusanachitike. Amatsinzina, amakankhira mfuti pansi podikira kugunda, chipolopolo n'kupita kumunsi kwa chandamale, ndipo chizolowezi chimenechi chimatenga nthawi yaitali kuti chichoke. Amene wayamba ndi .22 amaona mabowo akuyandikirana papepala, amamvetsa chimene maso ndi chala zikuchita, ndipo akafika pa yaikulu amaigwira akudziwa chobwera. Onse awiri alipira ndalama zofanana, koma wachiwiriyu ndi amene walandira chinthu. Kunena zoona, kuthamangira mfuti yaikulu kumathandiza bwalo kuposa mlendo, chifukwa mfuti yolavula motsatizana imamaliza zipolopolo 30 m'masekondi ochepa, wina n'kulowa pamzere.

Kutsutsa kolemera kuposa apa kumachokera kwa anthu amene amati mfuti inapangidwira kupha, ndipo kuisandutsa chosangalatsa alendo n'kuchepetsa kuopsa kwake. Sindingakupeputse. Kwa ambiri a ife mfuti ndi ya msilikali, wapolisi ndi mbava, ndipo amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique ya pakati pa 1977 ndi 1992 ali ndi chifukwa chokwanira chosafunira kumva kulira kwake. Munthu wotere asakakamizidwe, ngakhale mwanthabwala, ndipo mlendo amene wafika pabwalo n'kusintha maganizo achite kuyamikiridwa. Koma ndikaunguza bwino, amene akuchepetsa kuopsa kwa mfuti ndi amene amaigulitsa ngati chidole cha m'filimu, ndi zithunzi za anthu pachandamale ndi kujambulitsa ataikumbatira. Bwalo loyendetsedwa bwino limachita zosiyana, chifukwa munthu amatulukamo akuiopa mfuti moyenera kuposa mmene analowera. Ku Zurich, m'dziko la Switzerland, achinyamata a zaka 13 mpaka 17 amapikisana chaka ndi chaka mu Seputembala pa mwambo wa Knabenschiessen, kuwombera pa mamita 300, ndipo atsikana analoledwa kulowa nawo mu 1991. Chimene chimalola zimenezi ndi mwambo wokhwima wa pabwalo, wakuti aliyense ali ndi womuyang'anira ndipo palibe wogwira mfuti asanauzidwe. Kusamala komweku ndi kumene kumachititsa mabwalo ambiri ku America kukana kubwereketsa mfuti kwa munthu wobwera yekha amene alibe yake, poopa kuti mwina wabwera ndi maganizo odzipha. Mlendo wokanizidwa chotero asaone ngati wanyozedwa.

Zotsala n'zazing'ono pozinena koma zimatsatira munthu mpaka kwawo. Kulira kwa mfuti ya .22 kumafika pafupifupi madesibelo 140, ndipo zikuluzikulu zimapitirira 160, phokoso lotha kuwononga khutu pa ulendo umodzi, ndipo khutu likawonongeka chotero silibwerera. M'bwalo la m'nyumba, mmene phokoso limagunda zipupa n'kubwerera, mlendo avale zotseka ziwiri, za m'kati mwa khutu ndi zophimba kunja, komanso magalasi oteteza maso. Utsi ndi fumbi la zipolopolo zimakhala ndi mtovu, choncho asadye kapena kumwa ali pabwalo, asambe m'manja ndi sopo akamaliza, ndipo mayi woyembekezera asalowemo. Mowa ndiye usayandikire n'komwe, ngakhale botolo limodzi la pa nkhomaliro. Ngati mukutengera mlendo wanu kumalo otere, imbani foni tsiku lisanafike, mufunse ngati amalandira anthu a viza ya mtundu wake, ngati mlendo aliyense amakhala ndi mphunzitsi wake, komanso ngati ali ndi mfuti ya .22 kapena ya mpweya yoyambira. Akayankha mozemba pa funso lililonse mwa amenewa, funani bwalo lina.