Gani yopopera penti

Gani yopopera penti, imene amisiri ambiri amangoitchula kuti spray gun, ndi chipangizo chimene chimagwiritsa ntchito mpweya wopanikizidwa kuphwanya penti kukhala timadontho ting'onoting'ono n'kutimwaza pa chinthu chimene chikupentedwa. Imapenta mwachangu ndiponso mosalala kuposa bulashi chifukwa siisiya mizere. Ku Malawi imapezeka m'magalaja owongola ndi kupenta magalimoto, kwa owotcherera zitsulo ndi kwa akalipentala. M'madera a m'mphepete mwa nyanja ngati Salima, ubwino wa ntchito yake umadalira kwambiri kuuma kwa mpweya wochokera mu kompuresa ndi ukhondo wa ganiyo.

Mbiri

Mu 1887 Joseph Binks, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya Marshall Field ku Chicago, anapanga makina opopera laimu pamakoma. Mu 1907 Thomas DeVilbiss wa ku Toledo m'chigawo cha Ohio anapanga gani ya pamanja, potengera kachipangizo kopopera mankhwala kukhosi kamene bambo ake, dokotala Allen DeVilbiss, anapanga. Gani inafala kwambiri m'zaka za m'ma 1920 pamene kampani ya DuPont inatulutsa penti youma msanga yotchedwa Duco. Penti imeneyi inkafuna kupopera, ndipo ntchito yopenta galimoto, imene kale inkatenga masabata, inafupika kwambiri.

Zigawo ndi mitundu

Gani imakhala ndi kapu yothiramo penti, nozo imene ndi kabowo kotulukira penti, singano yotseka kabowoko, chivindikiro cha kutsogolo chokhala ndi timabowo ta mpweya, ndi chokokera cha zala. Chokokeracho chikakokedwa pang'ono mumatuluka mpweya wokha. Chikakokedwa chonse singano imabwerera m'mbuyo ndipo penti imayamba kutuluka. Pali zopotokola zitatu: chosinthira kuchuluka kwa penti, chosinthira kutambalala kwa utsi wa penti, ndi chosinthira mpweya.

Magani ena amakhala ndi kapu pamwamba, ndipo penti imatsika yokha. Ena amakhala ndi kapu pansi, ndipo mpweya ndiwo umakoka pentiyo. Mtundu wotchedwa HVLP umatulutsa mpweya wambiri koma wamphamvu yochepa, yosapitirira 0.7 bar pa chivindikiro. Mtunduwu umafikitsa pa chinthu chopentedwa penti yokwana 65 peresenti kapena kuposa, pamene magani akale amataya yambiri m'mlengalenga. Vuto lake ndi lakuti umafuna kompuresa yaikulu. Kakompuresa ka malita 24 kamaperewera mpweya mmisiri asanamalize ngakhale chitseko chimodzi cha galimoto.

Kukonzekera

Nozo imasankhidwa malinga ndi kulemera kwa penti. Ya mamilimita 1.3 kapena 1.4 imayenera penti yomalizira ya galimoto ndi vanishi wopepuka, pamene pulaima, imene ndi yolemera, imafuna ya pakati pa 1.6 ndi 2.0. Penti imasungunulidwa ndi thina wa mtundu wake potsata muyezo wolembedwa pachitini, kenako imasefedwa isanathiridwe mu kapu. Magani ambiri a masiku ano amagwira bwino geji ikamaonetsa pafupifupi 2 bar chokokera chili chokoka.

Chinthu chopentedwa chimachotsedwa dzimbiri, mafuta ndi fumbi, n'kupalidwa ndi sandipepa. Asanayambe, mmisiri amayesa kupopera pa katoni. Gani yabwino imajambula chithunzi chobulungira motalika ngati dzira, chonyowa mofanana paliponse. Chikapindika ngati nthochi, ndiye kuti bowo limodzi la chivindikiro latsekeka.

Kapoperedwe

Gani imagwiridwa motalikira masentimita 15 mpaka 20, italoza molunjika pa chinthucho. Mkono wonse ndiwo umayenda, osati kupinda dzanja pamfundo, chifukwa kutero kumaunjika penti pakati n'kuipereweza m'mbali. Mzere uliwonse umaphimba theka la mzere wapitawo. Gani ikayandikira kwambiri kapena ikamayenda pang'onopang'ono, penti imayenderera ngati misozi. Ikatalikira, timadontho timauma tisanafike ndipo pamakhakhala ngati mchenga. Penti yolemera kapena mpweya wochepa zimasiya timabampu tofanana ndi khungu la lalanje. Makoti awiri kapena atatu opyapyala, opatsidwa nthawi youma, amalimba kuposa koti imodzi yochindikala.

Nyengo ya ku Salima

Ku Salima gani imagwira ntchito pa magalimoto ndi njinga zamoto m'magalaja a pa Kamuzu Road, pa mageti, mafelemu a mawindo ndi zitseko zachitsulo, komanso pa mipando ndi maboti a malo ogona alendo ku Senga Bay. Amisiri ena amaphunzira m'makoleji ngati Salima Technical College, pansi pa ndondomeko ya TEVETA imene inakhazikitsidwa mu 1999, koma ambiri amaphunzirira m'galaja poonera anzawo.

Madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere ngati a nyanja zazikulu, choncho mdani wamkulu wa penti kuno ndi chinyezi. Kompuresa ikapanikiza mpweya wachinyezi, mpweyawo umatentha, ndipo ukamazizira m'thanki madzi amadikha pansi. Madziwo akadutsa m'payipi n'kufika mu gani, penti imatuluka mothethereka ndipo imadzatuwa kapena kutupa matuza. Vutoli limakula m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Penti youma msanga imathanso kuoneka yotuwa ngati mkaka chifukwa thina akamauluka amaziziritsa chitsulo, chinyezi n'kumatapo. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito sapopera m'mamawa mame asanaume kapena mvula itangokata.

Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30, penti imauma isanasalale. Mankhwala ake ndi thina wouma pang'onopang'ono ndi kupopera pamthunzi, chitsulo chisanatenthe ndi dzuwa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imaulutsa mchenga ndi fumbi zimene zimakakamira pa penti yaiwisi, motero malo opoperera amatchingidwa ndipo pansi pamawazidwa madzi pang'ono. Kulakwitsa pa zinthu zimenezi kumadula: ntchito yonse imapalidwanso, ndipo penti ndi thina wina zimatuluka m'thumba la mmisiri.

Kusamalira

Gani imatsukidwa ikangomaliza ntchito, makamaka ngati munali penti ya 2K, imene imasakanizidwa ndi cholimbitsa ndipo ikauma thina saisungunulanso. Penti yotsala imakhuthulidwa, mu kapu mumathiridwa thina woyera n'kumupopera mpaka atuluke wosada. Kenako chivindikiro, singano ndi nozo zimamasulidwa n'kutsukidwa ndi kabulashi kofewa. Waya kapena msomali zimakulitsa timabowo ndipo gani simapoperanso bwino. Kuviika gani yonse mu thina kumawononga timphira ta m'kati. Thanki ya kompuresa imatsegulidwa kunsi tsiku lililonse kuti madzi atuluke, ndipo pa payipi pamaikidwa sefa yokola madzi ndi mafuta.

Thanzi ndi chitetezo

Utsi wa penti umalowa m'mapapo mosavuta. Cholimbitsa cha penti ya 2K chili ndi mankhwala otchedwa isocyanate amene amayambitsa mphumu yosachiritsika. Kansalu komanga pamphuno kapena masiki ya fumbi siziteteza ku mankhwalawa, ndipo kumwa mkaka pambuyo pa ntchito, monga ena amakhulupirira, sikutsuka mapapo. Chitetezo chodalirika ndi masiki yolandira mpweya wabwino kudzera m'payipi. Pa penti zina pamafunika masiki yokhala ndi sefa za makala. Thina amayaka msanga, choncho fodya, moto ndi kuwotcherera siziloledwa pafupi. Thina wotsukira amasungidwa m'chitini chotseka, chifukwa wothiridwa pansi kapena m'ngalande amatha kufika m'zitsime ndi m'nyanja momwe anthu amatunga madzi ndi kupha nsomba.